Kuchoka pa lisiti la msonkho kufika pa chiphaso cha unzika

Munthu amene ali ndi zochita ku City Centre mumzinda wa Lilongwe masiku ano sachoka pakhomo asanapapase m'thumba kuti aone ngati chiphaso cha unzika chilimo. Ku banki akuchifuna, kolembetsa nambala ya foni akuchifuna, ndipo pa zipata za maofesi ambiri a ku Area 13 mlonda amayamba wachiona asanakulembeni m'buku la alendo. Achinyamata amaona ngati ndi mmene zakhalira kuyambira kale. Chonsecho kakhadi aka kanafika m'manja mwa Amalawi ambiri kalembera wa 2017 atachitika, dziko litatha zaka zoposa 50 likudzilamulira lopanda kaundula wa nzika zake.

Sikuti makolo athu ankayenda opanda mapepala ayi. Nthawi ya atsamunda mwamuna ankasunga lisiti la msonkho pamalo posafika madzi, chifukwa amesenjala a boma akam'peza alibe, ankamutenga. Opita kukasaka ntchito ku Halale ndi ku Joni ankayenda ndi chitupa, ndipo olembedwa ndi Wenela ankadindidwa zala asanakwere ulendo wa ku migodi. Mpaka lero m'midzi muli nkhalamba zomwe zimasunga mapepala a ku migodi, ofiira ndi ukalamba, poyembekeza kuti tsiku lina adzawathandiza kupeza ndalama zomwe anasiya kumeneko.

Ufulu utabwera mu 1964, pepala lomwe linkayendetsa munthu linali khadi la chipani cha MCP. Pa chipata cha msika ndi pokwerera basi pankaima achinyamata a chipani, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa. Chaka chikatha, unkagula lina. Amene anaona nthawi imeneyo sadabwa nkhalamba ikamazengereza kukalembetsa dzina ku boma. Mapepala onse omwe inawadziwa pa moyo wake anali otengera munthu kanthu, osati omupatsa.

Ulamuliro wa zipani zambiri utayamba mu 1994, khadi la chipani linatha ntchito koma panalibe cholowa m'malo mwake. Ochita bwino a ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 anali ndi pasipoti kapena laisensi yoyendetsera galimoto. Enafe tinkadalira chitupa chovotera kapena kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo.

Kusowa kwa kaundula kunayamba kuwawa boma litayamba kugawa thandizo kwa anthu mamiliyoni. Mu 2005 boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi a feteleza wotsika mtengo, ndipo mu 2006 Mtukula Pakhomo anayamba kuyesedwa ku Mchinji. Maina ankachokera kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi, nkudzera kwa DC, nkukafika ku Kapitolo. Panjira yonseyi panalibe wotsimikiza kuti dzina lililonse lili ndi mwini wake. Kunabadwa midzi yongopeka, anthu omwalira ankalandira makuponi, pomwe mayi wamasiye weniweni ankabwerera chimanjamanja. Nako ku malipiro a boma kunkamveka za antchito omwe palibe anawaonapo pa ofesi.

Bungwe la National Registration Bureau, lomwe tonse timangoti NRB, linakhazikitsidwa mu 2007. Lamulo la kalembera wa nzika linavomerezedwa mu 2010, koma linayamba kugwira ntchito mu 2015. Kenaka mu Meyi 2017 kalembera wamkulu anayamba mothandizidwa ndi UNDP ndi maiko monga Britain, Ireland, Norway, America ndi bungwe la European Union. Pofika Novembala, anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'mwamba anali atalembedwa.

Amene anaima pamzere akukumbukira mmene zinkakhalira. Makina onse ankakwana m'kasutikesi kamodzi: kompyuta, kamera, pojambulira zala, ndipo panja pankayalidwa sola poti sukulu zambiri zinalibe magetsi. Munthu ankabwera ndi fomu ya NR1 yodzaza kale, nkukhala pampando kumbuyo kwake kuli kansalu. Agogo ena, zala zawo zitasalala ndi mpini wa khasu, ankapukuta chala pa chitenje nkubwereza kangapo makina asanavomere. Ena sankadziwa chaka chobadwa, moti ankachipeza pofunsidwa ngati anabadwa njala ya 1949 isanagwe kapena itadutsa. Zolakwika zomwe anthu akuvutika kukonzetsa lero, monga dzina losemphana ndi la pa satifiketi ya sukulu, zina zinalowa pa kalembera ameneyu.

Chiphasochi sichinachedwe kupeza ntchito. Mu 2018 bungwe la MEC linachigwiritsa ntchito polembetsa ovota a chisankho cha 2019. Mu 2020 boma la Lazarus Chakwera linathetsa makuponi nkubweretsa pulogalamu ya AIP, pomwe mlimi ankangoonetsa chiphaso kuti agule thumba la feteleza la makilogalamu 50 pa K4,495. Maina ambiri obwerezedwa ndi ongopeka anachotsedwa, ndipo apa ndiyenera kunena kuti phindu lake linaoneka. Koma mavuto anangosintha nkhope. Alimi ankagona pa depoti kudikira netiweki, ndipo mavenda omwe kale ankagula makuponi anayamba kugula ziphaso kwa anthu omwe njala yawapana.

Chomwe ambiri sanachiwerenge polandira khadi lawo ndi tsiku lothera mphamvu. Ziphaso zinayamba kutha mu 2021, ndipo kukonzetsa china kunali K2,500. Kwa wogwira ntchito ku City Centre imeneyi inali nkhani ya kupempha bwana maola awiri. Kwa mlimi wa ku Malingunde, Nsaru kapena Kasiya inali thiransipoti yopita ndi yobwerera, tsiku la kumunda lotayika, kenaka ulendo wina wodzafunsa ngati chiphaso chatuluka. Chikatayika, pankafunikanso lipoti la ku polisi. Apatu ndi pomwe ine mtima umandiwawa: munthu amene chiphaso chimamugwirira ntchito yaikulu koposa, yemwe feteleza wake ndi ndalama yake ya Mtukula Pakhomo zimadalira kakhadi kameneka, ndi amene kuchikonzetsa kumamudulira koposa. Unzika wa munthu sutha ndi deti. Mu 2023 boma linaimitsa kutha mphamvu kwa ziphaso mpaka pa 1 Januwale 2026, zomwe zinathandizanso kuti anthu alembetse m'kaundula wa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, poti lamulo linkafuna chiphaso cha unzika basi.

Ntchito yomwe yatsalira m'mbuyo ndi yosaoneka pa wailesi yakanema: kulemba ana obadwa ndi kuchotsa omwalira. Lamulo lomwe linabweretsa chiphaso limanenanso kuti kubadwa ndi imfa iliyonse zilembedwe. Komabe maliro ambiri amachitikira kumudzi, ndipo anamfedwa akachoka kumanda saganiza za fomu ya boma. Dzina la malemu limatsala pa mndandanda wa feteleza, chiphaso chake chili m'chikwama cha wachibale, pomwe banja latsopano la m'mudzi womwewo likudikira kuti malo apezeke. Amfumu amadziwa aliyense amene waikidwa m'manda awo tsiku lomwelo, koma uthengawo umatha miyezi kapena zaka usanafike pa kompyuta za ku Lilongwe.