Nyumba zoyenda za pa Kande

Anzanga a ku Bandawe, Chintheche mpaka Kande, tawerengani kaye izi.

Alendo anayamba kale kubwera kuno atanyamula pogona pawo. Dr Robert Laws atasamutsa mishoni kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe mu 1881, msewu unali nyanja, galimoto inali sitima ya Ilala, imene inafika mu 1875 itanyamulidwa zidutswazidutswa podutsa mathithi a Shire.

Msewu wa M5 utatseguka, kunabwera malole aja a Nairobi mpaka Cape Town, ogona pa Kande, komanso magalimoto a ku South Africa okhala ndi bedi, firiji ndi mbaula mkati. Ife timawagulitsa nsomba ndi ziboliboli, kuwapalasa pa bwato. Korona itatseka malire mu 2020, gombe linangoti zii.

Ena mumafunsa kuti bwanji ifeyo osagula yathu? Aise, galimoto ya ku Japan imalipiridwa m'madola, imatsikira ku Dar es Salaam, pa Songwe nkulipiranso msonkho wa MRA. Kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022, ndi 44% mu November 2023, madola kubanki osaoneka. Ndiye Hiace ikafika, mwiniwake amaikamo mipando osati bedi, izinyamula anthu tsiku ndi tsiku ndalama ibwerere.

Mlendo wogona m'galimoto salipira chipinda. Ndalama yake kwa ife imatsalira pa nsomba, bwato ndi ziboliboli basi. Tiyeni tigwirizane mitengo, tisamatsitsirane pagombe. Tumizani kwa ena.