Umboni wa Kadzidzi m'Phanga la Boomplaas

Munthu wozolowera kukumba mbewa sacita kufunsa kumene angapeze mtundu uli wonse. Adziwa kuti mende akhala m'madambo, phanya akonda dothi la mcenga, ndipo fuko sacoka pansi. Nzeru yomweyi, imene anyamata a kumudzi aiphunzira asanalowe sukulu, ndiyo imene akatswiri aigwiritsa nchito pofuna kudziwa za mvula ndi cisanu ca zaka zikwizikwi zapitazo. Njobvu ikasowa madzi iyenda ulendo wautali, koma mbewa ifera pamene inabadwira. Cotero malo akasintha, mitundu ya mbewa isinthanso.

Wosonkhanitsa umboni ndiye kadzidzi, mbalame imene ambiri aiyesa ya malodza. Iye ameza mbewa yathunthu, ndipo pakapita maora angapo alabvula ubweya ndi mafupa zitaumbika ngati kampira. Akadzidzi akagona m'phanga limodzi mibadwomibadwo, timafupato tiunjikana, takale pansi, tatsopano pamwamba. Pa mano a m'nsagwada ndi pamene katswiri azindikira mtundu wa mbewa.

Ku South Africa, m'cigwa ca Cango pafupi ndi mzinda wa Oudtshoorn, kuli phanga lochedwa Boomplaas. Hilary Deacon analikumba m'zaka za m'ma 1970, napeza dothi losanjikizana la zaka zoposa 60,000. Timafupa ta mbewa ndi aswiswiri anatipenda ndi Margaret Avery wa ku South African Museum ku Cape Town, ndipo anafalitsa zimene anapeza m'caka ca 1982. Iye anaona kuti m'dothi la zaka ngati 20,000 zapitazo, pamene madzi oundana anakuta maiko a kumpoto kwa Ulaya, mitundu ya tinyamati inacepa, ndipo mitundu yowerengeka yokha ndiyo inaculuka. Dziko litayamba kufunda, mitundu inaculukanso. Pamenepo anagamula kuti nyengo ija inali yozizira ndi youma.

Za kuzizirako palibe anatsutsa, pakuti miyala yodontha madzi ya m'mapanga a Cango inacitiranso umboni womwewo. Mlandu unali pa kuuma. Kucepa kwa mitundu kusonyeza kuti moyo unali wobvuta, koma sikunena cimene cinaubvutitsa, kaya ndi cisanu kaya ndi cilala. Ndiponso kadzidzi si mboni yoona zonse: asaka usiku ndi poyera, motero tinyama toyenda usana kapena tobisala m'nkhalango sitioneka kwenikweni m'malabvu ace.

Cinthu coyenera ulemu ndi cakuti mai Avery sanaumirire mau ao oyamba. M'caka ca 2019, pamodzi ndi Tyler Faith ndi Brian Chase, anabwerezanso mlanduwo mwa njira yina. Anatenga milu 123 ya malabvu a akadzidzi a masiku ano, yocokera m'malo amene mvula yace idziwika bwino, naifanizira ndi mafupa akale aja. Anapeza kuti pa nthawi ya cisanu cacikulu cija mvula ya m'nyengo yozizira inali yoculuka ku Boomplaas, ndi kuti dziko linayamba kuuma pambuyo pace, kufikira zaka ngati 12,000 zapitazo, cinyontho cisanabwererenso pang'ono.