Kuwerenga Masensa Ambiri a Kuwala ndi Microcontroller Imodzi

Mwa masensa onse a kuwala amene anthu okonda kulumikiza zamagetsi pakhomo amagwiritsa ntchito, yofala koposa ndi LDR, kachipangizo kopangidwa ndi cadmium sulfide, kamene mumdima kamatsekereza magetsi ndi ma ohm ofika miliyoni, koma dzuwa likakawalira kutsekerezako kumatsika kufikira mazana owerengeka chabe. Woyamba kuzindikira khalidwe lotereli anali Willoughby Smith, pamene ankayesa selenium m'chaka cha 1873.

Popeza microcontroller siyeza ma ohm koma mavoti, mmisiri amalumikiza LDR motsatana ndi resistor ya ma ohm 10,000, ndipo pamene ziwirizi zakumanirana amatengapo waya wopita ku mwendo wolandira wa microcontroller. Arduino Uno, ya mbumba imene inabadwira ku Ivrea m'dziko la Italy m'chaka cha 2005, ili ndi miyendo yotere isanu ndi umodzi, A0 kufikira A5, ndipo mavoti a pakati pa 0 ndi 5 imawasandutsa nambala yoyambira 0 kulekezera 1023.

Masensa akachuluka kuposa miyendo, pamaikidwa chosankhira chotchedwa multiplexer: 74HC4051 imasonkhanitsa masensa 8 pa mwendo umodzi ndi kuwasankha ndi mawaya atatu, pamene 74HC4067 imasenza 16 ndi mawaya anayi. Kompyuta yaing'ono ya Raspberry Pi, imene ilibe miyendo yoyezera mavoti, imadalira choyezera chapadera monga MCP3008 ya makomo 8.

Komatu pagona nkhani ndi apa: ingachuluke bwanji miyendo, choyezera cha m'kati mwa ATmega328P, mtima wa Uno, ndi chimodzi chokha, ndipo monga mfumu pabwalo la milandu chimamva mboni imodziimodzi, iliyonse kwa mamaikulosekondi pafupifupi 100. Mavoti ofuna kuyezedwa amayamba asungidwa m'kacapacitor kakang'ono, kamene kakapanda kupatsidwa mpata wokwanira, makamaka ngati njira yake ikutsekereza kuposa ma ohm 10,000 amene opanga ATmega328P analangiza, kamasakaniza umboni wa sensa yatsopano ndi zotsalira za inzake. Kuthamanga sikufika, nchifukwa chake amisiri odziwa amawerenga sensa iliyonse kawiri nataya nambala yoyamba.

Ndiponso ma LDR, angakhale ochokera m'phukusi limodzi, sayankha mofanana, kotero kuti iliyonse iyenera kuyesedwa payokha mumdima ndi poyera, manambala ake awiriwo nasungidwa m'pulogalamu, ngati mmisiri afuna kuti loboti yake itsate mzere mosaphonya, kapena sola yake itembenukire kumene kuli dzuwa.