Mlendo wa tsiku limodzi ku Uranus ndi Neptune

Mwa mapulaneti onse amene amazungulira dzuwa, awiri akutali kwambiri, Uranus ndi Neptune, anachezeredwapo ndi chombo chimodzi chokha chopangidwa ndi anthu. Dzina lake ndi Voyager 2, ndipo konseko sichinaime ayi, chinangodutsa chamkokomo uku chikujambula. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa zambiri zimene timawerenga m'mabuku za maiko awiriwa zinachokera kwa mlendo amene anangosuzumira pakhomo n'kupitirira.

Ulendowu unayambira pa masamu. M'chaka cha 1965, Gary Flandro, wophunzira amene ankagwira ntchito ku Jet Propulsion Laboratory ku California, anazindikira kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune adzakhala mbali imodzi ya dzuwa mondondozana. Izi zimachitika kamodzi pa zaka pafupifupi 175. Chombo chodutsa pafupi ndi pulaneti limodzi chimakokedwa ndi mphamvu yake n'kuponyedwa kwa linzake ngati mwala wa pa legeni, kotero ulendo wa ku Neptune, wa zaka pafupifupi 30, ukanatheka m'zaka 12 zokha.

Koma ndalama zinavuta. Pulani yaikulu yoyendera mapulaneti onsewa inakanidwa, ndipo mu 1972 bungwe la NASA linavomereza zombo ziwiri zopita ku Jupiter ndi Saturn basi. Mainjiniya sanataye mtima: anasankhira chombo chimodzi njira yoti, chikadzakhala chidakali moyo, chidzathe kupitirira. Voyager 2 inanyamuka ku Cape Canaveral pa 20 Ogasiti 1977, itanyamula chimbale chokutidwa ndi golide chokhala ndi moni wa m'zinenero 55. Mwa zinenerozo muli Chinyanja, ndipo mawu ake akufunsa anthu a kumaiko ena m'mene alili. Wathu moni anapita kutali kuposa kumene aliyense wa ife adzafike.

Chombochi chinayamba kudwala msanga. Mu Epulo 1978 wailesi yake yaikulu yolandirira mauthenga inafa, ndipo yotsalayo inali yogontha pang'ono, yomva pokhapokha aituluzira bwino. Chitadutsa Saturn mu Ogasiti 1981, chipangizo chotembenuza makamera chinauma kwa kanthawi. Ndiye taganizani: chombo cholemala, chosatheka kuchigwira ndi dzanja, n'chimene ankachituma kudziko la chisisira. Ku Neptune kuwala kwa dzuwa n'kochepa ka 900 poyerekeza ndi kuno, choncho kamera inkayenera kukhala yotsekula nthawi yaitali, pomwe chombo chikuthamanga. Aliyense amene anajambulapo chithunzi ali m'basi madzulo akudziwa chimene chimatuluka. Mainjiniya analembanso malangizo a kompyuta ya chombocho kudzera pa wailesi, n'kuchiphunzitsa kutembenuka pang'onopang'ono kuti diso lisachoke pa chimene chikujambulidwa. Kwa ine, apa ndi pamene pagona luso lenileni la ulendo wonsewu.

Pa 24 Januwale 1986 Voyager 2 inadutsa Uranus pa mtunda wa makilomita 81,500. Pulanetilo linakhumudwitsa ambiri, poti linangooneka ngati mpira wosalala wobiriwira motuwa. Chodabwitsa chinali kamwezi kake kotchedwa Miranda, kosakwana makilomita 500 m'mimba mwake, koma kodzadza ndi maphompho ndi zigwa, ngati chovala chosokedwa ndi zigamba zosiyanasiyana. Miyezi ina 10 yatsopano inapezekanso. Patangopita masiku anayi, chombo cha Challenger chinaphulika n'kupha anthu 7, ndipo chisangalalo cha Uranus chinazimiririka m'maliro.

Za Neptune anakonzekera mokwanira. Uthenga wochokera kumeneko unkayenda maola oposa anayi, ndipo unkatumizidwa ndi mphamvu ya mawati pafupifupi 23, yosaposa ya babu laling'ono la m'nyumba. Kuti aumve, anakulitsa madishi a ku Goldstone, Madrid ndi Canberra kuchoka pa mamita 64 kufika 70, n'kubwerekanso madishi 27 a Very Large Array ku New Mexico. Pa 25 Ogasiti 1989 chombocho chinadutsa makilomita pafupifupi 5,000 pamwamba pa mitambo. Chinaona namondwe wakuda wamkulu ngati dziko lathu, mphepo ya liwiro loposa makilomita 2,000 pa ola, komanso mwezi wa Triton, wozizira madigiri 235 pansi pa ziro, koma ukulavula utsi wakuda m'mwamba.

Akulu anati mlendo ndi mame, ndipo umboni wa mlendoyu takhala tikuukonza kuchokera nthawi imeneyo. Mu 1994 makina oonera kutali a Hubble anafunafuna namondwe wakuda uja, osamupeza. Chinthu chimene chinkaoneka ngati chizindikiro cha Neptune chinali nyengo chabe. Mu 2024 Patrick Irwin wa ku Oxford ndi anzake anasonyeza kuti Neptune si wabuluu wa bii monga timamuonera m'mabuku. Zithunzi za 1989 anaziwonjezera mtundu dala kuti mitambo ioneke, ndipo anali atanena zimenezo, koma m'kupita kwa zaka chithunzi chinafalikira, mawu ofotokozera n'kutsalira. M'chaka chomwecho akatswiri ena anapeza kuti Voyager 2 inafika ku Uranus mphepo yamphamvu yochokera kudzuwa itangopanikiza kumene dera la maginito la pulanetilo, zimene sizichitika kawirikawiri. Kwa zaka 38 anthu ankafotokoza khalidwe la mwini nyumba potengera tsiku limene anamupeza atasokonezeka.

Sindikunena izi ponyoza chombocho. Chinachita zoposa zimene chinatumidwa, ndipo mu Novembala 2018 chinatuluka m'dera lolamulidwa ndi mphepo ya dzuwa chidakalankhula. Chimene chimandiwawa n'chakuti palibe chinzake chinatsatira. Mu 2022 akatswiri a ku America anaika patsogolo ulendo wa chombo chokazungulira Uranus, koma sichinanyamukebe. Pulanetili limagona cham'mbali ndipo limatenga zaka 84 kuzungulira dzuwa. Mu 1986 dzuwa linkawalira kum'mwera kwake, kotero mbali ya kumpoto ya Miranda ndi miyezi inzake inali mumdima, ndipo mpaka lero palibe kamera imene inaijambulapo pafupi.