Juga yokhala ndi chiphaso

Malume anga anagonapo m'selo masiku awiri chifukwa cha makhadi. Zinali m'zaka za m'ma 1980 ku Kawale, kuseri kwa golosale ina yomwe pano inasanduka saluni. Anali anyamata asanu atazungulira katoni yong'ambika, matambala ali pakati. Apolisi atatulukira, atatu analiyatsa liwiro, awiri n'kugwidwa. Agogo aakazi anagulitsa nkhuku kuti chindapusa chipezeke, ndipo mpaka tsiku lomwe anatisiya, akakwiya ankawatchula malumewo kuti "wajuga uja".

Mwezi watha ndinawapeza malume omwewo, imvi zili mbuu, atakhala pa benchi m'shopu ina yobetchera mpira ku Biwi, maso ali pa sikirini, tikiti ili m'manja. Pakhoma panali chiphaso cha boma m'felemu, pambali pake chikwangwani choletsa ana osakwana zaka 18. Pakhomo panaima mlonda wa yunifomu. Atandiona anaseka mpaka kutsokomola.

"Mphwanga, waona? Zomwe anandimangira zija, lero akuchita kundilondera."

Mawu amenewa anandisowetsa mtendere sabata yathunthu, mpaka ndinayamba kufukula mabuku a malamulo kuti ndione chomwe chinasintha pakati pa katoni ija ndi benchi iyi.

Buku la milandu ndi zilango lomwe timagwiritsa ntchito mpaka lero, Penal Code, linayamba kugwira ntchito mu 1930, dziko lino likadali Nyasaland. Muli ndime zoletsa kuyendetsa nyumba za juga ndi malotale osaloledwa. Koma yomwe inkakola anthu ngati malume ndi ndime 180, yomwe imandandalika anthu otchedwa olova ndi osokoneza. Pa mndandandawo pali wopemphetsa m'misewu, ndipo pali aliyense wosewera masewera a mwayi pofuna ndalama pamalo poyera, pofika aliyense. Mawu oti "poyera" amenewo ndiye fupa lake. Amasewerera poyera ndani? Ndi amene alibe kalabu ya mpanda, alibe khonde lobisika ndi maluwa. Makhadi omwewo, ndalama zomwezo, koma wina akusewerera m'nyumba ya magalasi, wina pansi pa mtengo wa mango. Wapansi pa mtengoyo ndiye ankakwera galimoto ya apolisi.

Ndimeyi ndi pachibale ndi ndime 184, ija tonse timaidziwa ndi dzina loti vakabu. Mbali ina ya vakabuyo khothi lalikulu linaigamula mu 2017 kuti ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, venda wa majumbo ku Blantyre yemwe anagwidwa mbandakucha akupita ku geni yake. Malamulo a banja limeneli sanalembedwe poganizira mthumba mwa mmphawi kuti musabooke. Analembedwa kuti tauni ioneke yaudongo kwa eni ake a nthawi imeneyo.

Ndipo atsamundawo sanachite kutipekera ife ayi, anabwera nazo kuchokera kwawo. Ku Britain lamulo la 1906 linkaletsa kubetcha m'misewu, pamene munthu wa ndalama ankatha kubetcha ku bwalo la mipikisano ya mahatchi kapena pa ngongole kudzera pa lamya popanda womufunsa. Anthu a m'mafakitale ankapereka timapepala tawo mobisa kwa anyamata oima pa ngodya, omwe ntchito yawo ina inali kuthawa apolisi. Boma la kumeneko litatopa, linakonza lamulo latsopano mu 1960, ndipo pa 1 May 1961 mashopu obetchera a chiphaso anatsegulidwa. Iwo anasintha, ife tinatsala ndi chikhoti chawo chakale.

Ufulu utabwera mu 1964, ndime 180 sinagwedezeke. M'malo mwake boma la Kamuzu linaiwonjezera katundu: m'zaka za m'ma 1970 mwamuna wosunga tsitsi lalitali anaikidwa pa mndandanda womwewo, limodzi ndi wopemphetsa ndi wajuga. Zaka zimenezi ndi zomwenso Lilongwe inkafufuma, likulu litasamuka ku Zomba mu 1975. Kanengo inkakoka anthu ndi mafakitale ndi okushoni ya fodya, Area 25 ikumangidwa, Mgona ndi Chinsapo zikumera zokha popanda wojambula mapu. Malume amati pakutha pa mwezi, anthu akalandira, juga inkachitika paliponse pomwe pali mthunzi ndi njira yothawira. Lamulo silinaithetse. Linangoiphunzitsa kusuzumira uku ndi uku.

Kusintha kwenikweni kunabwera ndi matipate. Patangotha zaka ziwiri Bakili Muluzi atalowa m'boma mu 1994, Nyumba ya Malamulo inavomereza Gaming Act ya 1996, yomwe inakhazikitsa Malawi Gaming Board kuti izipereka ziphaso kwa makasino ndi malo a makina a juga. Inali nthawi yotsegula zitseko zonse, makampani a boma akugulitsidwa, mavenda akudzaza misewu. Makasino ngati Colony Club ku Blantyre ndi Pirates kuno ku Lilongwe anabwera, ndipo pambuyo pake Casino Marina. Mu 2003 kunabweranso Lotteries Act ndi bodi yake, National Lotteries Board. Lamulo la 1996 lija silinafufute ndime ya makhadi a poyera. Choncho dziko linakhala ndi juga ziwiri, ya chiphaso ndi ya kuseri kwa golosale, ndipo kusiyana kwake sikunali pa masewerawo koma pa yemwe wagwira mbale yolandirira ndalama, komanso ngati boma likutapamo.

Kwa ife a m'makomboni, zaka zimenezo zinangotidutsa. Munthu wa ku Area 23 akanakalowa kasino atavala chiyani? Tinkangoziona m'mafilimu a kuvidiyo sho.

Chaka chomwe juga ya chiphaso inatsikira kwathu ndi 2015, pomwe Premier Bet inayamba kubetchetsa mpira m'dziko muno. Ndinali ndikumaliza sekondale, ndipo ndikukumbukira momwe timatebulo ta maajenti tinamerera m'mbali mwa msewu, pakati pa wogulitsa mayunitsi ndi wa chiwaya. Ofufuza ena, Christopher Bunn wa ku yunivesite ya Glasgow pamodzi ndi anzake a kuno kwathu monga Otiyela Mtema, analemba mu 2020 za momwe bizinesiyi inakulira. Mwa zomwe anaona ndi zoti kampaniyo inatengera njira ya makampani a mafoni, yofalitsa malonda kudzera mwa maajenti ang'onoang'ono, n'kudzimangirira ku mpira wa ku Ulaya ndi ku nkhani zoti kubetcha kungamutukule munthu. Nthaka inali yolimidwa kale. Tinali titakangana za Arsenal ndi Manchester United kwa zaka zambiri kwaulere, ndiye wina anangoti, poti mukudziwa chonchi, bwanji osaikapo kenakake?

Apa ndiye malamulo awiri aja anayamba kuperewera ngati yunifomu ya sitandade 5. Onse analembedwa poganizira nyumba: khomo lolowera, mlonda, chiphaso pakhoma, woyendera wa bodi wobwera kudzaona makina. Analembedwa Airtel Money isanabwere mu 2012, Mpamba isanabwere mu 2013. Ngakhale za zaka 18 zija, taganizani: chitupa cha unzika tinayamba kulandira mu 2017. Zaka zonse za m'mbuyomo, mlonda ankayeza msinkhu wa munthu poona ndevu basi.

Ine ndemwe ndisanamizire kuti ndikulemba izi ndili pamwamba pa chulu. Nditamaliza digiri ndinakhala miyezi yambiri kwa achemwali ku Area 23, makalata ofunsira ntchito ndikutumiza, foni ili chete. Ndinayamba ndi K200, timu zisanu ndi zitatu pa tikiti imodzi. Ndinkadziuza kuti ine si wajuga, ndine katswiri wa mpira, ndimawerenga mafomu a matimu. Tsiku lina achemwali anandipatsa ndalama ya minibasi ndi yosindikizira mapepala a intavyu. Ndinati ndiichulukitse kaye kuti ndigulenso tayi. Timu imodzi yokha inandipha, mphindi zomaliza. Ku intavyuko ndinayenda wapansi mpaka ku Old Town, ndinafika shati ili chonyowa, ndipo achemwali akawerenga pano ndiye adziwa koyamba. Pepani achemwali.

Palibe yemwe anandibera. Shopuyo inali ndi chiphaso, ndinali ndi zaka zokwanira, ndipo ndikanawina akanandilipira. Chiphaso chimalonjeza zimenezo basi. Sichilonjeza kuti masamu ali mbali yako. Mwachitsanzo, poponya khobidi m'mwamba, malipiro achilungamo ndi 2.00. Wobetchetsa akakupatsa 1.90, ndiye kuti pa K100 iliyonse yomwe anthu aika, K95 yokha ndiyo imabwerera kwa iwo pakapita nthawi. Zikuoneka zochepa eti? Koma ukalumikiza masewera khumi otere pa tikiti imodzi, kudulako kumachulukitsana, ndipo K100 ija imatsala pafupifupi K60. Tikiti yaitali ija timaikonda chifukwa cholonjeza mamiliyoni ndi yomwenso mwini shopu amaikonda koposa. Ndinaphunzira masamu amenewa m'kalasi, ndinakhoza bwino, koma sanandiletse.

Boma nalo lakhala likuvina uku ndi uku. Mu bajeti ya 2020, nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo Felix Mlusu inaika msonkho wa 20 peresenti pa ndalama zomwe munthu wawina. Pasanathe zaka ziwiri unatsitsidwa kufika pa 5 peresenti. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inavomereza Gaming and Lotteries Act, yomwe inaphatikiza mabodi awiri aja kukhala bungwe limodzi, Malawi Gaming and Lotteries Authority, lomwe timangoti MAGLA. Kunena chilungamo, kuphatikizako kunali koyenera, ndipo bungwe limodzi loona makasino, malotale ndi kubetcha kwa pa intaneti ndi labwino kusiyana ndi malamulo a 1996. Koma bungweli lasenza mitolo iwiri yokokana. Likuyenera kuteteza wobetcha, likuyeneranso kuona kuti bizinesi yomwe imabweretsa ndalama ku boma ikuyenda. Munthu amene wapatsidwa mbuzi kuti aziweta komanso kuti azidyako, mukuganiza kuti madzulo awerenga motani?

Chaka chomwecho cha 2022, mu May, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Ndalama ikamasungunuka m'manja chonchi, kuuza mnyamata wa kabaza kuti azisunga K500 yake kumamveka ngati nthabwala. Makampani anachuluka, mayina awo ali pa mabilibodi ndi pa majezi, mpaka timu ya mu ligi yaikulu inatchedwapo Premier Bet Dedza Dynamos. Kenako kunabwera kandege, dzina lomwe tinaipatsa gemu ya Aviator. Iyi siifuna kudziwa mpira, siidikira Loweruka, ndipo raundi imodzi imatha usanameze malovu. Nambala ya foni imalembetsedwa ndi chitupa, inde, koma m'nyumba zambiri ku Mgona kapena ku Chinsapo foni ndi imodzi, ndipo chitupa chomwe chinalembetsa ndi cha amayi. Amene akuigwira usiku amayiwo atagona, chiphaso cha pakhoma chija sichimuona.

Tsiku lija ku Biwi ndinawafotokozera malume zonsezi, za 1930, za tsitsi lalitali, za MAGLA. Anamvetsera ndi khutu limodzi, lina lili ku sikirini. Ndinawafunsa ngati akuona kuti pano zili bwino kusiyana ndi kale.

Anaganiza kaye. "Kale ukadyedwa, ndalama yako umaiona ikulowa m'thumba mwa mnzako. Mawa umakamubwereka, kapena akugulira chibuku. Pano ukabwereka kwa ndani?"

Gemu yawo yomaliza inatha duro. Anaipinda tikitiyo kanayi, n'kuiika m'thumba la malaya m'malo moitaya, kaya chifukwa chiyani. Tikutuluka anandipempha K1,000 ya kabaza, ndipo ndinawapatsa. Atakwera kale, anatembenuka.

"Mphwanga, Lamulungu ubwere kunyumba. Foni yatsopano ija anandigulira asuweni ako, akuti muli kandege, koma sindikukapeza."