Epworth: Mudzi wa Anthu Opanda Kumudzi

Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 12 kuchokera pakati pa mzinda wa Harare, kulowera chakummwera cha kummawa pa msewu wa Chiremba, pali miyala ikuluikulu yosanjikizana ngati kuti wina adachita kuiika ndi manja. Aliyense amene adagwirapo ndalama ya Zimbabwe miyalayi akuidziwa, chifukwa chithunzi chake chakhala pa ndalama zamapepala kuyambira pomwe dzikolo lidalandira ufulu mu 1980. Chidalinso pa pepala lija la madola 100 thililiyoni lomwe lidatuluka kumayambiriro kwa 2009, ndalama itasanduka mapepala wamba. Miyalayi ili ku Epworth, amodzi mwa malo osauka kwambiri m'chigawo cha Harare. Dziko lonse lidayenda ndi chithunzi cha Epworth m'thumba kwa zaka zambiri, koma anthu ambiri okhala pafupi ndi miyalayo adalibe ngakhale kapepala kosonyeza kuti malo omwe adamangapo nyumba ndi awo.

Epworth sadayambe ngati lokeshoni. Mbare, yemwe kale ankatchedwa Harari, adakhazikitsidwa mu 1907 ndi akuluakulu a tawuni ya Salisbury kuti azigonamo antchito achikuda. Highfield adabwera m'zaka za m'ma 1930, Mabvuku ndi Mufakose m'zaka za m'ma 1950, ndipo Dzivarasekwa ndi Tafara m'zaka za m'ma 1960. Onsewa adayamba ndi pulani ya boma, misewu yoyezedwa ndi nyumba zofanana zokhala ndi manambala. Epworth adayamba ngati munda wa mpingo. Abusa a Methodist, Owen Watkins ndi Isaac Shimmin, adafika ku Fort Salisbury mu 1891, patangotha chaka chimodzi gulu la Cecil Rhodes litadzutsa mbendera yake kumeneko. Kampani ya Rhodes idawapatsa malo, ndipo mu 1892 mishoni idakhazikitsidwa pakati pa anthu a mfumu Chiremba. Dzina lakuti Epworth ndi la katawuni ka ku Lincolnshire ku England komwe adabadwira John Wesley, yemwe adayambitsa mpingowo. Patapita zaka zingapo mpingo udagulanso minda iwiri yoyandikana nayo, Glenwood ndi Adelaide.

Motero anthu omwe makolo awo adalima nthaka imeneyi kuyambira kale adadzuka tsiku lina ali alendi a mpingo. Ankalipira lendi, ankatumiza ana kusukulu ya mishoni, ndipo ankayenera kutsata mwambo wa mpingo pa nkhani za ukwati ndi mowa. Komabe adali ndi mwayi womwe anzawo a m'malokeshoni adalibe. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 lidagawa dziko potengera khungu, ndipo malo ozungulira Salisbury adagwera mbali ya azungu. Koma munda wa mishoni udaloledwa kusunga anthu ake. Kwa zaka zambiri Epworth adali mudzi weniweni pakhomo pa tawuni: midzi ya Chiremba, Chizungu, Makomo, Zinyengere ndi Chinamano, yokhala ndi minda ya chimanga, madimba ndi ng'ombe. Munthu ankatha kupalasa njinga kukagwira ntchito mtawuni mmawa, madzulo n'kudzagona m'nyumba yomanga yekha.

Kuti timvetse chifukwa chake mwayi umenewu udali waukulu, tiyenera kuona momwe tawuni ya Salisbury inkamuonera munthu wakuda. Makolo athu amati mlendo ndi mame, pofuna kutiphunzitsa kumusamala mlendo poti sakhalitsa. Boma la atsamunda lidatenga ganizo lomwelo n'kulisandutsa lamulo: wantchito abwere, agwire ntchito, dzuwa likakwera akamuke. Lamulo la mu 1946 lokhudza malo ogona ndi kalembera wa anthu akuda m'matawuni lidamangiriza nyumba ku ntchito. Ntchito ikatha, kapena munthu akakalamba, nyumba inkabwerera kwa eni ake, iye n'kuuzidwa kuti apite kwawo. Mshona ankatha kukwera basi ya ku Murewa kapena ku Mhondoro. Funso lidali kwa anthu omwe kwawo kudali kutsidya la Zambezi.

Anthu oterewa adali ochuluka zedi. Mpaka cha m'ma 1940, ambiri mwa antchito achikuda mu Salisbury adali ochokera kunja kwa dzikolo: ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Msonkho wa nyumba ndi kusowa kwa ntchito zolipira bwino ndi zomwe zidatulutsa amuna m'midzi ya ku Ntcheu, Dedza, Mangochi ndi Nkhata Bay. Ankayenda wapansi masabata angapo kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kulowa mu Rhodesia cha ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Komiti ya Lacey, yomwe idafufuza za ulendowu mu 1935, idayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland adali kunja kwa dziko lawo. Kenaka boma la Southern Rhodesia lidayika malole onyamula anthu mosalipira, omwe anthu adawatcha Ulere, ndipo bungwe lolemba antchito lomwe lidakhazikitsidwa mu 1946 lidadziwika ndi dzina loti Mthandizi. Maina onse awiriwa ndi a Chichewa, ndipo akusonyeza omwe ankakwera malolewo. Kumudzi, amuna omwe adasiya kulemba makalata ndi kutumiza ndalama adapatsidwa dzina lawo: machona. Wolemba mbiri Zoe Groves adaika liwu limeneli pa mutu wa buku lake la 2020 lofotokoza za ulendo wa Amalawi wopita ku Zimbabwe.

Pali chinthu china chomwe malamulo a boma sadachione koma chidavuta mabanja ambiri. Mchewa kapena Myao amawerengera mtundu kuchokera kwa mayi: mwana ndi wa kuchikazi, ndipo munda amaupeza kudzera mwa amalume. Mshona amawerengera kwa bambo: mwana amatenga mutupo wa bambo ake, ndipo kumusha kwake ndi kwa bambo. Tsono taganizani za mwana wobadwa kwa bambo wa ku Dedza ndi mayi wa ku Seke. Akapita kwa bambo ake amamulandira bwino, koma amadziwa kuti mbumba yake ili kwa mayi. Akapita kwa mayi ake amamukonda ngati muzukuru, koma munda ndi dzina amayenera kuzipeza kwa bambo. Mbali zonse ziwiri zimamulozera kwina, popanda wina womuda. Mwana wotere amafuna malo omwe safunsa za mtundu, ndipo Epworth adasanduka amodzi mwa malo amenewo.

Kusintha kwakukulu kudadza ndi nkhondo yomenyera ufulu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nkhondo itakula m'midzi, anthu adathawira ku Salisbury. Khonsolo ya mzinda sinkawafuna, koma mpingo sukadatha kupirikitsa anthu othawa imfa. Adamanga zisakasa m'mphepete mwa midzi yakale ija. Nkhondo itatha sadabwerere onse, ndipo malamulo a zitupa atachotsedwa ena ambiri adabwera kudzafuna ntchito. Mu 1980 ku Epworth kudali anthu pafupifupi 20,000. Pofika 1987 adali pafupifupi 35,000. Mpingo udaona kuti katunduyu waulemera, ndipo mu 1983 udapereka gawo lalikulu la malowo ku boma. Mu 1986 kudakhazikitsidwa Epworth Local Board kuti iziyendetsa malowo. Boma latsopano, lomwe lidagwetsa zisakasa m'malo ena a Harare, ku Epworth lidasankha kuvomereza anthu omwe lidawapeza n'kuyesa kuwakonzera misewu ndi mapuloti.

Koma kukonza kunkayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi kubwera kwa anthu. Kalembera wa 2002 adapeza anthu opitirira 114,000. Wa 2012 adapeza 167,462. Wa 2022 adapeza opitirira 200,000. Ndiye kuti m'zaka 42 chiwerengero chidakula kakhumi. Kukula kotereku sikuchokera ku kubereka kokha. Vuto lililonse lomwe lidagwa m'dziko lidatumiza anthu ake ku Epworth: chilala cha 1992, kuchotsedwa ntchito kwa anthu m'mafakitale pa nthawi ya ndondomeko ya chuma ya ESAP, ndi kukwera kwa lendi m'malokeshoni akale. Malo odyetsera ng'ombe ndi madambo adagawidwa mwamseri. Anthu adayamba kudzisiyanitsa okha: mabanja a nthawi ya mishoni, obwera pa nthawi ya nkhondo omwe adalembedwa m'kaundula, ndi obwera pambuyo popanda chilolezo, omwe amatchedwa magada. Ngakhale maina a madera amafotokoza mbiriyi. Pali Overspill, kutanthauza osefukira. Palinso Komboni Yatsva, ndipo liwu loti komboni aliyense wokulira pa famu kapena pa mgodi, kuyambira ku Shamva mpaka ku Lusaka, amalidziwa.

Kuyambira chaka cha 2000, boma litayamba kulanda mafamu a azungu, antchito a m'mafamumo zikwi zambiri adataya ntchito ndi pogona pomwe. Ambiri mwa iwo adali ana ndi zidzukulu za anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo owerengeka okha ndiwo adapatsidwako minda. Pa nthawi yomweyo ndale zidawatembenukira. Robert Mugabe, pokwiya ndi momwe anthu a m'tawuni ankavotera, adanyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo, ndipo aliyense adamva omwe ankanenedwa. Chodabwitsa n'chakuti a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe ali ndi mfunda wawo, kungoti wonyozayo sadafune kuudziwa. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa: aliyense woganiziridwa kuti angakhale ndi unzika wa dziko lina adapatsidwa miyezi 6 kuti aukane motsata malamulo a dziko linalo. Anthu obadwira ku Harare, omwe sadapondepo ku Mwanza kapena ku Dedza, adauzidwa kukana dziko lomwe silidawalembepo m'kaundula. Ambiri sadakwanitse. Ziphaso zawo zidawatchula kuti alendo, ndipo pa chisankho cha 2002 adabwezedwa pamzere.

Kenaka mu Meyi 2005 kudabwera Murambatsvina. Apolisi adagwetsa nyumba ndi misika yomwe boma lidati njosaloledwa. Lipoti la nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya nyumba, ntchito kapena zonse ziwiri. Uthenga kwa ogwetseredwawo udali womwe uja wa 1946, wakuti apite kwawo. Ku Epworth nyumba zina zidagwa, komanso ndi komwe ambiri othamangitsidwa ku Mbare ndi madera ena adathawira, poti adalibe basi ina yokwera. M'chaka chomwecho UNESCO idalemekeza Gule Wamkulu ngati chuma cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Zimbabwe sidali pa mndandandawo, ngakhale kuti gule, yemwe Ashona amamutcha zvigure, wavinidwa m'makomboni ndi m'malokeshoni ake kwa mibadwo ingapo.

Kalembera amawerenga mitu ya anthu ndi komwe adabadwira, choncho mdzukulu wa mchona wobadwira ku Epworth amalowa m'buku ngati wina aliyense. Mbiri ya komwe agogo ake adachokera imasungidwa kwina. Ili m'mabungwe a maliro, omwe anthu ochokera dera limodzi adayambitsa kuti mnzawo asaikidwe ngati nyama. Ili mu mpingo wa CCAP, womwe ntchito yake mu Salisbury idayamba mu 1912 ndi mbusa T.C.B. Vlok wa mishoni ya Dutch Reformed ya ku Nyasaland, n'kukhala sinodi payokha mu 1965. Ili m'mizikiti ya Ayao, m'madambwe a gule, ndi m'nyimbo za sungura za Alick Macheso, yemwe amasakaniza Chichewa ndi Chishona, anthu n'kumavina osafunsa kuti ndi chilankhulo cha ndani. Chichewa cha kuno chili ndi mawu ambiri a Chishona, ndipo achinyamata ambiri amachimva koma amayankha m'Chishona. Ena adasintha ndi maina omwe pothawa kutchedwa mabhurandaya, dzina lonyoza lochokera ku Blantyre.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 adakonza zina mwa zolakwikazi. Adati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asadayambe kugwira ntchito, yemwe kholo lake limodzi lidali nzika ya dziko la SADC ndipo iye amakhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa. Adaikanso Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma lamulo lolembedwa silipereka lokha chiphaso m'manja. Gogo wopanda kalata ya kubadwa amavutika kulembetsa mwana wake, mwanayo naye amavutika kulembetsa wake, ndipo wopanda chiphaso amavutika kulemba mayeso a boma, kutsegula akaunti kubanki kapena kulembedwa ngati mwini puloti.

Nkhani ya malo nayo ikadali pakati. Cha m'ma 2010, anthu a ku Ward 7, dera la magada, mothandizana ndi Zimbabwe Homeless People's Federation ndi Dialogue on Shelter, adayamba kudziwerenga okha nyumba ndi nyumba ndi kujambula mapu a dera lawo, kuti akamakambirana ndi a Local Board azikhala ndi umboni. Mu 2023, chaka cha chisankho, Pulezidenti Emmerson Mnangagwa adasankha Epworth kukhala poyambira ndondomeko yopereka zikalata za umwini wa malo. Zikalata zomwe zidaperekedwa tsikulo zidali mazana ochepa, m'tawuni ya anthu opitirira 200,000 omwe ambiri amatunga madzi pa zitsime zokumba okha ndi pa mijigo.

Kwathu mudzi umadziwika ndi manda ake. Mlendo akamwalira ankamunyamula kupita naye kwawo, ndipo banja likayamba kuika akufa ake pamalo, ndiye kuti lakhazikika. Machona oyamba ankasonkherana ndalama ndi chiyembekezo choti tsiku lina adzawoloka Zambezi kubwerera. Ambiri sadawoloke. Agona ku manda a Zinyengere ndi manda ena a Harare, pafupi ndi Ashona, Asena ndi Ansenga omwe adakhala nawo mpanda umodzi. Zidzukulu zawo zikafunsidwa kuti kumusha n'kuti, zina zimatchulabe boma la ku Malawi lomwe zidangolimva m'kamwa mwa agogo. Zina zimayankha kuti n'ku Epworth, ndipo zikuyembekeza kuti ofesi ya kaundula ndi ya malo zilembe yankho limeneli m'mabuku awo.