Zakudya za Pachiwaya M'boma la Mulanje: Komwe Zimapezeka ndi Malamulo Okhudza Malondawa

Zakudya zachangu ndi zakudya zomwe munthu amagula zitapsa kale kapena zimakazingidwa iye akudikira, n'kudyera pomwepo kapena kunyamula. Malo odyera a makampani akuluakulu monga KFC amapezeka m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. M'boma la Mulanje, lomwe kalembera wa mu 2018 adapeza kuti lili ndi anthu 684,107, malonda amenewa ali m'manja mwa anthu a bizinesi zing'onozing'ono: okazinga tchipisi ndi nyama pachiwaya, ootcha kanyenya ndi chimanga, komanso amayi ogulitsa mandasi, zitumbuwa, chinangwa chophika ndi kalongonda.

Komwe Malowa Achuluka

Kuchuluka kwa malo ogulitsira zakudyazi pafupi ndi khomo la munthu kumadalira zinthu zitatu: msewu, msika ndi malipiro.

Ziwaya zambiri zili m'mbali mwa misewu ikuluikulu iwiri. Woyamba ndi wa M2, womwe umachokera ku Blantyre kudzera ku Thyolo ndi Luchenza, n'kudutsa pa Chitakale ndi pa boma mpaka kuchipata cha Muloza, m'malire ndi dziko la Mozambique. Wachiwiri ndi wa Midima, wochokera ku Limbe kudzera pa Nkando. Paliponse pomwe maminibasi amaima komanso pomwe a kabaza amadikirira anthu, ogulitsa zakudya sasowa.

Misika nayo imasintha chiwerengero cha ogulitsa tsiku ndi tsiku. Pa msika wa Limbuli, womwe umalandira amalonda a chimanga ndi nandolo ochokera ku Milange m'dziko la Mozambique, ogulitsa amachuluka pa tsiku la msika kusiyana ndi masiku wamba. Pafupi ndi minda ya tiyi monga ya Lujeri ndi Eastern Produce, malonda amatentha pamene ogwira ntchito alandira malipiro.

Choncho banja lokhala pa Chitakale likhoza kupeza ziwaya zingapo poyenda wapansi kwa mphindi zochepa, pomwe banja la m'mudzi wotalikira msewu wa phula limakumana ndi zakudyazi makamaka likapita kumsika kapena kuchigayo.

Kukhudza Kwake pa Umoyo

Malondawa amadyetsa mabanja ambiri ndipo amathandiza apaulendo ndi apantchito kupeza chakudya pamtengo wotsika. Komabe pali ziopsezo ziwiri.

Choyamba ndi matenda ofala chifukwa cha uve. Mliri wa kolera womwe udayamba m'dziko muno mu Marichi 2022 udagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Mu Januwale 2023, boma lidaletsa kwa kanthawi kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu, m'misika ndi m'masukulu. Mu Marichi chaka chomwecho, namondwe wa Freddy adaononga zimbudzi ndi magwero a madzi m'madera ambiri a boma la Mulanje, zomwe zidaonetsa kufunika kwa madzi aukhondo pamalo paliponse pophikira.

Chachiwiri ndi matenda osapatsirana. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo udachita mogwirizana ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku. Zakudya zokazinga zimakhala ndi mafuta ndi mchere wambiri, ndipo mafuta akamatenthetsedwa mobwerezabwereza amaonongeka.

Malamulo ndi Udindo wa Adindo

Lamulo la zaumoyo wa anthu la mu 1948 limapereka mphamvu kwa akuluakulu a zaumoyo zoyendera malo ogulitsira zakudya ndi kulanda chakudya choonongeka. Lamulo la maboma ang'ono la mu 1998 limalola khonsolo kuyendetsa misika ndi kukhazikitsa malamulo ake oyendetsera malonda. Ndondomeko za mu 2015 zidaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikironi 60, omwe ogulitsa ambiri amaikamo tchipisi, ndipo bwalo lalikulu la apilo lidagamula mu 2019 kuti chiletsochi n'chovomerezeka.

Chofunika kwa adindo n'kuzindikira kuti kaundula wa ziphaso za malo odyera sasonyeza chithunzi chonse, popeza ogulitsa ambiri amangolipira msonkho wa pamsika ndipo ena amasamuka kutsata masiku a misika. Kuwerenga koona kumafuna kuti okhometsa msonkho, alangizi a zaumoyo ndi makomiti a misika alembe ogulitsa pa tsiku la msika komanso pa tsiku wamba. Chiwerengero chotere ndicho chingathandize khonsolo kudziwa poyenera kuyambira kuika mipopi, zimbudzi ndi maenje a zinyalala.